Ghee, kashiamu ndi mafupa m'kadyedwe ka Ayurveda: mafunso ndi mayankho

Ku India ana ambiri amakula akumva agogo awo akunena kuti munthu azidya ghee kuti mafupa alimbe. Masiku ano mawuwa awoloka nyanja, ndipo ena mwa ife takumana nawo pa intaneti kapena pocheza m'masitolo a amwenye momwe zitini za ghee zimagulitsidwa. Nkhani ya mafupa sindiitenga mopepuka, chifukwa fupa likamafooka silidandaula, limangokhala chete mpaka tsiku lothyoka. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa chimene ghee amachita m'thupi ndi chimene sachita.

Kodi ghee n'chiyani kwenikweni, nanga amapangidwa bwanji?

Ndi mafuta a mkaka okhaokha, opanda madzi ndi zina zonse za mumkaka. M'mabuku akale a Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India, amatchedwa ghrita.

Njira ya kumudzi, imene kumpoto kwa India amati bilona, imayamba madzulo. Mayi amawiritsa mkaka, kuudikira kuti uzizireko, n'kuthiramo pang'ono mkaka wowawasa wa dzulo. Kukamacha wonse uja wagwirana ngati chambiko, ndipo iwo amautcha dahi. Kenako amaupukusa mumtsuko ndi ndodo yokulungidwa chingwe, kukoka uku ndi uku, mpaka batala atayandama pamwamba. Batala amamuwola ndi manja. Zamadzimadzi zotsala mumtsukomo ndiye takra, ena amati chaas, ndipo dzinali muligwiritsitse chifukwa nkhani yonse ya kashiamu, mchere womanga mafupa, yagona pamenepo.

Batala uja amamuika pamoto wochepa. Amasungunuka, n'kutulutsa thovu loyera, kenako amayamba kuthetheka ngati mvula yowaza pamalata. Amenewo ndi madzi akuthawa. Phokoso likayamba kuchepa wophika sachokanso pamoto, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimapserera msanga. Pansi pa poto pamakhala timisere tofiirira, mafuta amayera mpaka kuona pansi, ndipo m'nyumba monse mumamveka kafungo konga ka mtedza wokazinga. Akasefa pa kansalu, ghee watheka. Wa ng'ombe amakhala wachikasu, wa njati zoweta amakhala woyererako, ndipo Ayurveda, chiphunzitso cha mankhwala a makolo a ku India, imalemekeza kwambiri wa ng'ombe.

Ndiye mu ghee muli kashiamu wochuluka bwanji?

Tinene mosabisa: pafupifupi mulibe. Mu magalamu 100 a ghee mumapezeka kashiamu wokwana mamiligalamu 4 basi. Mu supuni imodzi yaikulu simukwana ngakhale miligalamu imodzi. Koma kapu imodzi ya mkaka, ya mamililita 250, imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 300. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 1,000 patsiku, ndipo kuti awapeze mu ghee yekha angafunike kudya makilogalamu 25 tsiku limodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kashiamu wa mumkaka sakhala m'mafuta. Amakhala m'gawo lamadzi komanso womangirirana ndi mapuloteni a mkakawo. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya ghee pamafunika mkaka wa ng'ombe wokwana malita 25 kapena kuposerapo, ndipo kashiamu wa malita onsewo amatsala mumtsuko muja, mu takra. Banja limene limapukusa lokha mkaka linkadya ghee ndi kumwanso takra tsiku lomwelo, choncho kashiamu sankatayika. Munthu wa m'tauni amene amangogula chitini cha ghee wagula mafuta okha, kashiamu anatsala kufakitale.

Ngati zili choncho, bwanji Ayurveda imagwirizanitsa ghee ndi mafupa?

Apa tiyenera kuwachitira chilungamo akale aja. Mabuku akuluakulu a Ayurveda, monga Charaka Samhita, Sushruta Samhita ndi Ashtanga Hridayam ya Vagbhata, analembedwa zaka mazana ambiri anthu asanadziwe kuti kuli chinthu chotchedwa kashiamu. Wasayansi wa ku England, Humphry Davy, anamulekanitsa koyamba mu 1808, ndipo vitamini D anadziwika cha m'ma 1920. Choncho mabukuwo sananenepo kuti mu ghee muli kashiamu. Ankaganiza za thupi mwanjira yawoyawo.

Malinga ndi Ayurveda, thupi limamangidwa ndi zinthu zisanu ndi ziwiri zotchedwa dhatu, ndipo chakudya chikagayika chimadyetsa zinthuzi motsatana: rasa, amene ndi msuzi wa chakudya chogayika, kenako magazi, mnofu, mafuta, mafupa, mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo pomaliza mphamvu yobereka. Mafupa amatchedwa asthi. Taonani pamene aima pamzerewu: pambuyo pawo pali mafuta a m'thupi, kutsogolo kwawo kuli mafuta a m'mafupa. Kwa sing'anga woganiza motere, fupa ndi mwana wa mafuta, ndiye n'zosadabwitsa kuti ankati munthu wouma thupi mafupa akenso amauma.

Palinso chiphunzitso cha dosha zitatu, zomwe ndi vata, pitta ndi kapha. Vata ndi wofanana ndi mphepo, wouma, wopepuka ndi wozizira, ndipo amati amodzi mwa malo amene amakhala ndi m'mafupa. Vata akachuluka mafupa amachepa, ndipo ukalamba ndiyo nyengo ya vata. Zizindikiro zimene Charaka Samhita imatchula za kuchepa kwa mafupa ndi kuthothoka kwa tsitsi, zikhadabo ndi mano, kutopa, ndi kukhwepa kwa molumikizira mafupa. Mankhwala a chinthu chouma ndi chinthu chonona, ndipo mwa mafuta anayi amene mabukuwo amatchula, omwe ndi ghee, mafuta a mbewu, mafuta a nyama ndi a m'mafupa, ghee ndiye amaikidwa patsogolo. Chimene ankamutamira kwambiri n'chakuti amatenga mphamvu ya chilichonse chimene waphikidwa nacho popanda kutaya yake.

Munthu angatsutse kapena kuvomereza chiphunzitsochi, koma asachinamizire. Amene amalemba pa zotsatsa malonda kuti ghee ali ndi kashiamu wambiri sakutsatira mabuku akale, ndiponso sakutsatira sayansi.

Kodi mabukuwo amapereka ghee yekha ngati mankhwala a mafupa?

Ayi. Pa matenda a mafupa, Charaka Samhita imatchula mkaka ndi ghee pamodzi, zophikidwa ndi zitsamba zowawa, ndipo makamaka zoperekedwa kudzera kunjira ya chimbudzi, chithandizo chimene amachitcha basti. Mankhwala ena odziwika ndi Panchatikta ghrita, ghee wophikidwa ndi zitsamba zisanu zowawa, kuphatikizapo nimu ndi guduchi. Palinso chitsamba choyanga cha tsinde la ngodya zinayi chotchedwa hadjod, dzina lotanthauza cholumikiza mafupa, chimene amapatsa munthu wothyoka.

Kafukufuku wa masiku ano pa njirazi ndi wa anthu ochepa komanso wa nthawi yaifupi, ndipo sanafike posonyeza kuti zimateteza munthu wokalamba kuti asathyoke chiuno. Basti si chinthu choyesera kunyumba.

Koma ndinamva kuti ghee amathandiza thupi kuyamwa kashiamu. Kodi ndi bodza?

Muli choonadi pang'ono chimene chakokedwa mpaka kutalika. Kuti kashiamu achoke m'matumbo n'kulowa m'magazi pamafunika vitamini D. Vitamini D, pamodzi ndi A, E ndi K, amasungunuka m'mafuta, choncho amalowa bwino m'thupi ngati m'chakudya muli mafuta pang'ono. Masamba okazingira ka ghee amapatsa thupi vitamini A ndi K wambiri kusiyana ndi masamba ongowiritsa m'madzi. Izi n'zoona.

Koma ntchito imeneyi mafuta aliwonse amaigwira. Mafuta a mpendadzuwa, a chitowe, ngakhale nsinjiro m'ndiwo zotendera zimachita chimodzimodzi. Ghee mwini wake ali ndi vitamini A wokwanira ndithu, koma vitamini D ndi K2 amene otsatsa malonda amakonda kutchula ndi wochepa kwambiri mu supuni imodzi kapena ziwiri zimene munthu amadya. Vitamini D wambiri thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa.

Phindu lina la ghee, limene ine ndimaliona kukhala lenileni, ndi lakuti amakometsa chakudya ndipo amapereka mphamvu zambiri m'kachakudya kochepa. Nkhalamba yowonda imene chakudya sichikuilowa ili pangozi yothyoka mafupa kuposa munthu wa thupi labwino. Ngati kasupuni ka ghee pa phala kakuchititsa agogo kumaliza mbale, kathandiza mafupa awo, ngakhale kuti kashiamu wachokera m'phalamo.

Nanga kashiamu m'kadyedwe ka makolo ku India amachokera kuti?

Apa ndiye pali chuma, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ghee amatenga ulemu wonse.

Poyamba ndi mkaka ndi ana ake: dahi, takra ndi paneer, amene ndi mkaka wogwiranitsidwa ndi ndimu n'kufinyidwa pansalu. M'nyumba zambiri za kumwera kwa India chakudya sichitha popanda mpunga wosakaniza ndi dahi, ndipo ku Gujarat ndi ku Rajasthan kapu ya chaas imayendera limodzi ndi nkhomaliro. Ayurveda imatama takra kwambiri pa matenda a m'mimba.

Chachiwiri ndi ragi, amene ife timati mawere. Mwa mbewu zonse za mtundu wa chimanga, mpunga ndi tirigu, mawere ndiwo ali ndi kashiamu wambiri, mamiligalamu pafupifupi 350 pa magalamu 100, pamene mpunga woyera uli ndi pafupifupi 10 okha. Ku Karnataka amaphika ragi mudde, ndipo Mmalawi akaona angangoti ndi nsima yakuda. Amathira ufa wa mawere m'madzi owira, kuvundula ndi ndodo mpaka kulimba, n'kuumba chibulunga chachikulu ngati nkhonya. Wakudya amatema kambamu, kuviika mumsuzi wa masamba ndi nyemba, n'kumeza osatafuna. Ambiri amaboola pamwamba pa chibulungacho ndi chala n'kudonthezeramo ghee. Mwana wokula ndi chakudya chimenechi akalimba mafupa, agogo amayamikira ghee wonyezimira pamwamba, koma ntchito yaikulu agwira ndi mawere akuda aja.

Chachitatu ndi til, chitowe chathu chomwechi. Chitowe chosasupula chili ndi mamiligalamu pafupifupi 1,000 pa magalamu 100, ngakhale kuti wambiri ali m'khungu ndipo chikasupulidwa amachepa kwambiri. Pa chikondwerero cha Makar Sankranti, pakati pa mwezi wa Januwale pamene kukuzizira, anthu amapatsana timibulu ta chitowe chosakaniza ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa. Ayurveda imati chitowe chimatonthoza vata ndipo chimalimbitsa mano.

Pamenepo onjezani masamba: bonongwe, amene kumpoto amati chaulai, masamba a methi, ndi masamba a moringa amene kumwera amathira mumsuzi wa nyemba.

Kodi kashiamu yense wa m'zomera amalowa m'thupi?

Ayi, ndipo manambala a pa mapepala amanyenga pamenepa. Mwa kashiamu wa mumkaka, thupi limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sipinachi ali ndi kashiamu wooneka wambiri, koma alinso ndi asidi wotchedwa oxalate amene amamumanga, moti thupi limatenga pafupifupi magawo 5 okha pa 100. Bonongwe ndi khungu la chitowe zilinso ndi oxalate, pamene mpiru ndi masamba a mtundu wa kabichi ali ndi wochepa ndipo kashiamu wake amalowa bwino. M'mawere ndi m'nyemba muli chinthu china, phytate, chimene chimagwiranso kashiamu ndi ayironi.

Makolo a ku India sankadziwa maina amenewa koma manja awo ankadziwa chochita. Ankanyika nyemba usiku wonse, kusasitsa ufa asanaphike, ndi kumeretsa mawere asanawapere kuti apangire phala la mwana. Zonsezi zimachepetsa phytate. Mayi wa kwathu amene amafunditsa mawere onyowa kuti amere, n'kuwayanika kuti apeze chimera cha thobwa, akuchita chinthu chomwecho.

Amati ghee amafewetsa maondo ngati mafuta pa tcheni cha njinga. Zoona?

Mafuta amene mwadya sapita m'bondo kukakhala girisi. Amagayidwa m'matumbo ngati chakudya china chilichonse, ndipo madzi otelera a m'bondo thupi limapanga lokha. Ndiponso kupweteka kwa maondo chifukwa cha kuperepeseka kwa chichereŵechereŵe ndi vuto losiyana ndi kufooka kwa mafupa. Ghee akachuluka munthu amanenepa, ndipo kulemera kwa thupi ndi mdani wamkulu wa maondo.

Nanga bwanji amayi ongobereka kumene amapatsidwa ghee wambiri?

Kumpoto kwa India mayi akabereka amapuma masiku pafupifupi 40, ndipo apongozi kapena amayi ake amamupangira panjiri ndi timibulu ta gond. Gond ndi utomoni wodyedwa wa mumtengo, umene amaukazinga mu ghee mpaka kufufuma ngati mbuliwuli, n'kuusakaniza ndi ufa wa tirigu, maalimondi, mbewu zina ndi shuga. Amati zimalimbitsa msana.

Mwambowu uli ndi nzeru yake. Mayi woyamwitsa amafunika chakudya chambiri, ndipo thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti lipange mkaka, kenako n'kubwezera mwana akaleka kuyamwa. Timibuluti timapereka mphamvu, ndipo maalimondi ndi kapu ya mkaka imene amamwera zimapereka kashiamu. Chimene sindingavomereze ndi chikhulupiriro chakuti kumwa ghee mwezi womaliza kumachititsa mwana kutuluka motelera. Njira ya chakudya ndi njira ya mwana sizikumana. Mayi woyembekezera atsatire zimene amuuza kusikelo.

Kodi ghee woyenera kudya patsiku ndi wochuluka bwanji?

Supuni imodzi yaikulu ili ndi makalole pafupifupi 120, ndipo magawo pafupifupi 60 pa 100 a ghee ndi mafuta a mtundu woundana, amene amakweza kolesitolo woipa m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta otere asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse za m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wodya makalole 2,000 amenewo ndi magalamu 22, ndipo supuni imodzi ya ghee yatenga kale 8 kapena 9. Kwa munthu wathanzi, masupuni a tiyi awiri kapena atatu patsiku, olowa m'malo mwa mafuta ena osati kuwonjezera pamwamba, si vuto. Wodwala mtima, shuga kapena wa kolesitolo wokwera akambirane ndi dokotala.

Ayurveda yomweyo simati aliyense azidya ghee mmene wafunira. Charaka Samhita imaletsa chithandizo cha mafuta kwa anthu onenepa kwambiri ndi amene moto wa m'mimba mwawo, umene amati agni, ndi wofooka. Tikumbukirenso kuti ankadya ghee wambiri anali anthu olima, otunga madzi ndi oyenda pansi.

Pogula chenjerani ndi vanaspati, mafuta a mbewu oumitsidwa kufakitale kuti azioneka ngati ghee. Anatchuka ku India kuyambira mu 1937 ndi dzina la Dalda, ndipo kwa zaka zambiri anali ndi mafuta a trans ochuluka, oipa kwambiri ku mtima. Chitini cholembedwa kuti ghee wa zomera si ghee.

Mkaka umanditsegula m'mimba. Kodi ghee ndingadye?

Ambiri angathe, chifukwa shuga wa mumkaka pafupifupi yense amachoka popanga. Koma ghee salowa m'malo mwa mkaka pa nkhani ya kashiamu. Yesani chambiko kapena yogati pang'onopang'ono, popeza mkaka wowawasa ambiri suwavuta. Amene mkaka umawatupitsa kapena kuwabanikitsa asayese ngakhale ghee asanaonane ndi dokotala.

Nanga mankhwala a Ayurveda a kashiamu, aja a zigoba, ndi abwino?

Asing'anga a Ayurveda amawotcha zigoba za nkhono za m'nyanja, korali ndi zigoba za mazira mpaka kukhala phulusa losalala lotchedwa bhasma. Mmenemo mulidi kashiamu, pafupifupi wofanana ndi wa m'mapiritsi a kufamase. Vuto ndi lakuti wogula sadziwa mlingo wake, komanso sadziwa china chimene chalowamo. Mu 2003 ofufuza anagula mankhwala a Ayurveda 70 m'masitolo a m'dera la mzinda wa Boston ku America, ndipo 14 mwa iwo anapezeka ndi mtovu, mekyule kapena arsenic. Nthambi ina ya Ayurveda, rasa shastra, imagwiritsa ntchito zitsulo zimenezi mwadala. Mtovu umakakhala m'mafupa momwemo kwa zaka zambiri, ndipo kwa mwana ndi mayi woyembekezera ndi woopsa kwabasi.

Boma la India linakhazikitsa unduna wa AYUSH mu 2014 woyang'anira mankhwala a makolo, koma kabotolo kopanda dzina la wopanga, kogulidwa pa intaneti, palibe amene wakayeza. Ngakhale mapiritsi abwinobwino a kashiamu sayenera kumwedwa mwachisawawa, makamaka ndi munthu amene anadwalapo timiyala ta mu impso.

Ngati kadyedweka n'kabwino, bwanji ku India anthu ofooka mafupa ndi ambiri?

Chifukwa chakudya cha m'mabuku si chimene chili m'mbale ya munthu aliyense. Anthu ambiri ku India sapeza ngakhale theka la kashiamu wofunika patsiku. Mkaka ndi wodula kwa osauka, ndipo kuyambira m'ma 1960, pamene ulimi wa mpunga ndi tirigu unakula kwambiri, mawere ndi mapira zinayamba kuonedwa ngati chakudya cha kumudzi. Kuchepa kwa vitamini D nakonso n'kofala ngakhale kuti dzuwa limaswa mtengo: anthu amagwira ntchito m'nyumba, ena amafunda thupi lonse, utsi wa m'mizinda ngati Delhi umatchinga dzuwa, ndipo khungu loderapo limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa. Mu 2020 akatswiri a zakudya a boma la India anakweza mlingo wa kashiamu wa munthu wamkulu kuchoka pa mamiligalamu 600 kufika pa 1,000.

Kodi ife kuno tiyenera kugula ghee kuti tisamale mafupa?

Ngati mumamukonda ndipo ndalama ilipo, mugule chifukwa cha kukoma kwake. Koma ngati ndalamayo ndi ya mafupa, ipite kumsika. Mawere, chitowe, bonongwe, mpiru, nyemba, soya ndi chambiko tili nazo. Tilinso ndi chimene Mmwenye wosadya nyama alibe: usipa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Ayurveda imaletsa kudya nsomba pamodzi ndi mkaka, koma lamulo limeneli ndi la chiphunzitso chawo, ndipo sayansi sinapeze choopsa pamenepo.

Chofunika kwambiri ndi nthawi. Mafupa amakhwima mpaka munthu atayandikira zaka 30, ndipo gawo lalikulu limamangidwa pa zaka za kutha msinkhu. Mtsikana wa zaka 12 ndiye woyenera kuthiridwa usipa wambiri m'mbale, azithamanga ndi kudumpha chingwe padzuwa. Fupa limalimba likamanyamula thupi, ndipo fodya, mowa wambiri ndi mchere wochuluka zimalifooketsa.

Ndi liti pamene chakudya chokha sichikwanira, ndipo munthu ayenera kupita kuchipatala?

Munthu akathyoka dzanja, chiuno kapena msana chifukwa chongoterereka pakhomo, kugwa kumene wina akanangodzuka n'kusansa fumbi. Agogo akayamba kufupika msinkhu, kupindika msana, kapena kumva kupweteka kwa msana kobwera mwadzidzidzi. Mayi akasiya kusamba msanga, asanafike zaka 45, popeza mafupa amatha mofulumira m'zaka zoyamba munthu atasiya kusamba. Munthu akakhala miyezi yambiri akumwa mankhwala a mtundu wa prednisolone. Mwana akamakula ndi matewe oonjeza, kapena mfundo za m'manja zotupa.

Kumene kuli makina otchedwa DXA, amayeza kulimba kwa mafupa a m'chiuno ndi msana mosapweteka, ndipo nambala ya -2.5 kapena kutsika pamenepo imasonyeza matenda ofooketsa mafupa. Mankhwala ochepetsa ngozi yothyokanso alipo. Popita kuchipatala tengani mabotolo onse a zitsamba ndi maufa amene wodwalayo wakhala akumwa, dokotala akawaone ndi maso ake.